Kampani yolumikiza anthu ndi ntchito pa intaneti ikufuna K45,000, ndilipire?

Mlova_wa_Chilomoni
Akuluakulu ndigawireniko nzeru. Ndinamaliza dipuloma ya akaunti chaka chatha, mpaka lero ma CV ndikungotumiza ngati ndikutunga madzi ndi dengu. Sabata yatha alamu anga, akazi a achimwene, anandilowetsa m'gulu la WhatsApp la kampani ina yomwe akuti imalumikiza achinyamata ndi mabwana olemba ntchito. Dzina sinditchula kaye. Webusaiti yawo ndi yooneka bwino, muli zithunzi za anthu a masuti, ndipo Lachitatu lililonse madzulo amachita msonkhano pa Zoom. Kulowa ndi K45,000. Ukalipira amakukonzera CV, amakupatsa munthu wokulangiza, ndipo akuti umayamba kuona ntchito zomwe sizituluka m'nyuzipepala. Palinso gawo la K120,000 lomwe akuti CV yako amakaisiya okha m'manja mwa mabwana, ngakhale a kunja. Nditafunsa ngati ndi ovomerezeka ananditumizira satifiketi ya kwa Registrar General, chidindo chili pomwepo. Ndalamayo ndikufuna amayi anditengere ku banki m'khonde. Ndidziwa bwanji kuti anthuwa ndi enieni?

Dzungu_Lakupsa
Thawa aise.

Mlova_wa_Chilomoni
Ndithawe chifukwa chiyani? Satifiketi ndaiona ndi maso angawa.

HR_wopuma
Mphwanga, wachita bwino kufunsa usanatulutse ndalama. Ine ndagwira ntchito yolemba anthu kwa zaka zoposa 20 ndisanapume, ndiye ndikuuze zomwe ndikudziwa.

Satifiketi imene wakutumizirayo ikhoza kukhala yeniyeni ndithu. Koma imangonena kuti dzina lakutilakuti linalembetsedwa tsiku lakuti. Basi. A Registrar General sapita kukaona ngati mwini dzinalo ndi munthu wachilungamo. Iweyo mawa ukhoza kulembetsa bizinesi yako, n'kulandira pepala lomwelo, chidindo chomwecho. Wopanda satifiketi ndi wokayikitsa, inde, koma wokhala nayo sanatsimikize kanthu.

Funso lomwe ine ndimafunsa ndi limodzi: kampaniyi imadya ndalama za ndani? Kuntchito kwathu tikafuna munthu wovuta kupeza, tinkaitana kampani yofufuza antchito, ndipo amene ankalipira ndife olemba ntchito. Wofunsirayo sankatulutsa ngakhale tambala. Umu ndi momwe malonda amenewa amayendera m'maiko ambiri. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lili ndi pangano la 1997, nambala 181, lomwe limati makampani opezera anthu ntchito asamalipiritse wofuna ntchitoyo. Ukaona kampani yomwe ndalama zake zonse zikuchokera m'matumba a malova, dziwa kuti kasitomala wawo ndiwe, osati bwana. Ndipo iwe ukapeza ntchito, kasitomala wawathawa. Nanga achangamukirenji kukupezera?

Chita izi. Afunse mayina atatu a makampani omwe analemba anthu kudzera mwa iwo miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Akakupatsa, usaimbe manambala omwe akupatse iwowo. Peza wekha nambala ya ofesi ya kampaniyo, kapena upite ndi mapazi pa geti, ufunse a HR ngati akuwadziwa anthuwa.

Mtsogoleri_wa_Mawa
Gulu lino lili ndi matenda amodzi, chilichonse chatsopano mumati ndi akuba. Ndikuganiza ndikuidziwa kampani akunenayi chifukwa ndili momwemo. Nanga LinkedIn, webusaiti yofunirapo ntchito ija, sililipiritsa? Anthu amalipira Premium mwezi ndi mwezi, palibe amawanena akuba. Koma akayambitsa Mmalawi mnzathu ndiye zalakwika. Ine mwezi wathawu ndapanga K60,000 ndili pa mkeka kunyumba. Inu pitirizani kudikira boma.

Dzungu_Lakupsa
K60,000 yachokera ku ntchito iti? Akulembani kuti?

Mtsogoleri_wa_Mawa
Ntchito ikubwera, CV yanga ili kale m'manja mwa anthu. Ndalamayo ndi ya komishoni.

Mlova_wa_Chilomoni
Eya ndinaiwala kunena. Ukabweretsa munthu n'kulipira, iwe amakupatsa K10,000.

Dzungu_Lakupsa
Mwaiwala mutu wa nkhani n'kutipatsa mchira kkkkk

Mphunzitsi_wa_Masamu
Tiyeni tiwerengere limodzi, mwina choko chithandiza. Mwalipira K45,000. Kuti ibwerere, mukufunika anthu asanu. Asanuwo aliyense akufunanso ake asanu, ndiye 25. Kenako 125, kenako 625. Mukafika pa mzere wa 11 pakufunika anthu oposa 48 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tilimo 17.5 miliyoni, kuwerengera ndi makanda omwe. Ndiye chinthuchi chiyenera kuima penapake, ndipo chikaima, olira ndi omwe analowa mochedwa, omwenso ndi ochuluka. A Mtsogoleri, K60,000 yanuyo ndi anthu asanu ndi mmodzi. Atulutsa K270,000 onse pamodzi. Mwa iwowo ndi angati ali pa ntchito lero?

Zinthu izi si zachilendo. Kampani yolonjeza kuchulukitsa ndalama ya MMM, ya Sergei Mavrodi, inagwa ku Russia mu 1994, n'kudzaukanso kuno ku Africa ikulonjeza phindu la 30 peresenti pa mwezi. Mu 2016 inaliza anthu ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria. Ija inkati ndi gulu lothandizana. Zina zimati zikugulitsa mankhwala kapena sopo. Iyi yavala suti n'kumati ndi ntchito.

Mtsogoleri_wa_Mawa
MMM inalibe katundu. Ife tili ndi maphunziro, tili ndi alangizi.

Mai_a_Tadala
Ine ndiimeko pakati pang'ono, chifukwa mawu akuti "ukalipira basi waberedwa" si oona nthawi zonse. Ndinalipirapo K15,000 kwa mayi wina wa ku Lilongwe kuti andikonzere CV. Yanga inali masamba asanu, ndinalembamo mpaka mudzi, mfumu ndi mpingo. Anaidula n'kutsala masamba awiri, tinakhala pa foni pafupifupi ola lathunthu akundifunsa zomwe ndinkachita kwenikweni kuntchito yakale. Patatha miyezi iwiri ndinaitanidwa ku ma intavyu awiri. Sindinadandaule nayo ndalamayo. Kusiyana kwake n'kwakuti sanandilonjeze ntchito, anandionetsa kaye CV zina zomwe anakonzapo atafufuta mayina, ndipo theka ndinalipira ntchito itatha. Sanandiuzenso kuti ndibweretse anzanga.

HR_wopuma
Mayi a Tadala mwanena zoona, ndipo ndivomere kuti ndinalankhula mophatikiza. Kulipira munthu kuti akukonzere CV kapena akuphunzitse kuyankha mafunso a intavyu kuli ngati kulipira telala. Malaya ukuwaona, ukhoza kuwayeza. Kulipira kuti "akulumikize" ndi kugula chinthu chomwe sungachigwire. Akalephera adzangoti mabwana sanakukonde, ndiye udzatsutsa bwanji?

Kompyuta_Ndirande
Ndiyankheko za LinkedIn chifukwa fanizo limeneli amalikonda kwambiri m'misonkhano ya pa Zoom ija. LinkedIn inayamba mu 2003, Microsoft inaigula mu 2016 pa madola 26.2 biliyoni. Kutsegula akaunti ndi kwaulere, kuona ntchito kwaulere, kufunsira kwaulere. Premium ndi yongowonjezera, ndipo makampani ofufuza antchito ndi otsatsa malonda ndi amene amathiramo ndalama zambiri. Chachikulu, palibe tsiku LinkedIn inandipatsapo komishoni chifukwa chokoka msuweni wanga. Komanso musaganize kuti poti munthu ali pa LinkedIn ndiye woyera, maakaunti abodza aliponso ambiri.

A Mlova, tengani foni muchite izi, bandulo ya K500 ikwana. Pitani pa lookup.icann.org mulembe adiresi ya webusaiti yawo. Ngati ikuthera ndi .com muona tsiku lomwe inalembetsedwa. Kenako pa archive.org muone ngati inkaoneka kale zaka za m'mbuyomu. Zithunzi za anthu a masuti zija, makamaka wamkulu wa kampaniyo ndi omwe akuchitira umboni kuti anapeza ntchito, ziponyeni mu Google Lens muone ngati nkhope zomwezo sizikupezeka kwina ndi mayina ena. Wamkuluyo mumufufuzenso pa LinkedIn, pali malo otchedwa About this profile omwe amaonetsa nthawi yomwe akauntiyo inatsegulidwa. Munthu wodzitcha katswiri wa zaka 15 koma akaunti ya miyezi itatu yokhala ndi anzake 40, pamenepo pali nkhani. Pomaliza, yambani ngati mukutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, muone dzina lomwe lituluke, n'kuimira pomwepo osaika PIN. Kampani yeniyeni imakhala ndi akaunti ya kubanki m'dzina lake ndipo imapereka lisiti.

Kabaza_wa_Digiri
Zonsezi n'zabwino koma tisanamizane, ku Malawi kuno ntchito ndi kudziwana. N'chifukwa chake anthu akulipira ma K45,000. Amene alibe malume ku Capital Hill akufuna kugula malume.

Nachisale_265
Kugula malume kkkkk ndafa ine

Gogo_wa_Facebook
Kudziwana kulipo, sindikana, koma sikuti konse ndi katangale. Mwana wanga wachiwiri ntchito anaipezera pa maliro. Anagona kusiwa masiku awiri, ndiye amene ankalemba ndalama za chipepeso m'kope. Bambo wina anaona momwe analembera, mizere yowongoka, ndalama zonse zinakwana mpaka K50 yomaliza. Pobalalika anamufunsa kuti unaphunzira chiyani. Lero ndi kalaliki wa sitolo ya zipangizo zomangira. Ana a masiku ano maliro simupita, ku mpingo mumafika ulaliki utayamba, kenako mukufuna anthu akudziweni pa Zoom.

Kabaza_wa_Digiri
Agogo ndiye tiziyenda m'maliro ndi ma CV m'thumba?

Gogo_wa_Facebook
Uziyenda ndi khasu, ukathandize adzukulu kukumba. CV isiye kunyumba.

Chipata_Boy
Kuno kwathu ku Zambia ni chimodzimodzi. Bakuonetsa pepala ya PACRA, ofesi yolembetsa makampani, monga ni Baibulo. Manje ukafunsa ofesi ili kuti, bakuti tikusamuka.

Admin_Wachiwiri
Za maliro zakwana abale, tibwerere kwa mnyamatayu asanakatenge ngongole.

NaPhiri_Leeds
Ine ndigwire mawu oti "ngakhale mabwana a kunja", chifukwa pamenepo ndi pomwe anthu akutayira mamiliyoni, osati ma K45,000. Ndili ku UK kuno chaka chachisanu ndi chimodzi. Lamulo la kuno la 1973, Employment Agencies Act, limaletsa ejenti kulipiritsa munthu pomupezera ntchito, kupatula magulu ochepa ngati a zisudzo ndi mamodelo. Ndiye wina akakuuzani kuti ali ndi ofesi ku London ndipo mulipire kuti akulumikizeni, akuphwanya lamulo la dziko lomwe akulitchulalo.

Ena amatumiza satifiketi ya Companies House, ofesi yolembetsa makampani kuno, kuti muope. Kulembetsa kampani kuno pa intaneti kunali mapaundi 12 okha mpaka 2024 pomwe anakweza kufika 50. Ubwino wake, webusaiti ya Companies House ndi yaulere, aliyense akhoza kuona tsiku lomwe kampani inayamba, mayina a eni ake, ndi ngati inaperekapo malipoti a chuma. Pa gov.uk palinso mndandanda wa mabwana omwe ali ndi chilolezo chobweretsa antchito ochokera kunja. Dzina likasowa pamenepo, viza ya ntchito sangakupezereni. Likapezekanso musathamange, akuba amabwereka mayina a makampani enieni, ndiye lembani imelo ku kampaniyo kudzera pa adiresi ya pa webusaiti yake. Ndipo amene akukulonjezani ntchito yosamalira okalamba panopa akunama poyera, boma la kuno linatseka njira imeneyo kwa ofunsira ali kunja pa 22 July 2025.

Mwezi uliwonse ndimalandira uthenga wa munthu wakumudzi woti "asisi tandionereni kalata iyi". Ina inali ndi chizindikiro cha chipatala chachikulu pamwamba, koma imelo yoyankhira ya Gmail. Mwini wake anali atagulitsa kale puloti.

Wa_Joni_87
Asisi mwandikumbutsa bala. Chaka changa choyamba ku Johannesburg ndinaona ntchito ya m'nyumba yosungira katundu pa Facebook. Anandiitana ku ofesi ina m'tauni, nsanjika yachinayi, muli mipando ya pulasitiki, mtsikana pa desiki ndi laputopu, pakhoma satifiketi ya CIPC, ofesi yolembetsa makampani kuno, mu fulemu. Tinalipo anthu ngati 30 pa mzere, ena a ku Zimbabwe, ena a konkuno. Intavyu inatenga mphindi zitatu, aliyense anakhoza. Kenako akuti R450 ya yunifolomu ndi kufufuza mbiri yako, mubwere Lolemba. Lolemba tinapeza chitseko chili ndi loko, mlonda wa pansi akuti anthu aja anachita lendi ya sabata imodzi. Chomwe chinandiwawa n'chakuti ndalamayo ndinabwereka kwa mnzanga amene ankandisunga. Ndinadzamva pambuyo pake kuti lamulo la kuno la 2014, Employment Services Act, limaletsa kulipiritsa wofuna ntchito, ndipo ma ejenti amayenera kulembetsa ku dipatimenti ya zantchito. Pa nthawiyo ndikanadziwa ndikanangofunsa pepala limenelo, osati la pakhoma lija.

Intavyu yomwe aliyense akukhoza si intavyu.

Namwino_wa_Usiku
Palibe watchula za mapepala. A Mlova, polembetsa akufuna muwatumizire chiyani? Ngati akufuna chithunzi cha chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, pasipoti, masatifiketi ndi chithunzi cha nkhope yanu, dziwani kuti zimenezo ndi zodula kuposa K45,000. Ndi zomwezo munthu akhoza kuyesa kulembetsera simu kapena kutengera ngongole m'dzina lanu, apolisi n'kudzagogoda kwanu. Bwana weniweni amafuna mapepala otere akakusankha, osati usanaonane naye n'komwe.

Ndipo za kunjazi zimafika poipa kuposa kutaya ndalama. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 omwe anakodwa ku Oman, atapita ndi malonjezo a ntchito zabwino n'kukapezeka ali akapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Ena a m'maiko a ku Africa kuno anaitanidwa ku Thailand kuti akagwire ntchito za pa kompyuta, n'kuwaolotsera ku Myanmar kukawatsekera m'mipanda kuti azibera anthu pa intaneti. Zambiri mwa izi zimayambira pa foni, ndi munthu waulemu kwambiri wokuitana kuti "dear".

Mtsogoleri_wa_Mawa
Mwafika ku Myanmar tsopano? Ife tikungothandizana ma CV apa.

Mlova_wa_Chilomoni
Ndabwerako akuluakulu. Ndachita zomwe ananena a Kompyuta ndi a HR.

Pa webusaiti analemba kuti akhala akuthandiza achinyamata kuyambira 2015. Adiresi yake inalembetsedwa miyezi inayi yapitayi, ndipo pa archive.org palibe chilichonse cha m'mbuyo. Mayi wina yemwe akuti anapeza ntchito ku banki kudzera mwa iwo, nkhope yake ndaipeza pa webusaiti yogulitsa zithunzi, komanso pa chikwangwani cha chipatala cha mano cha dziko lina. Nambala yolipirira yatulutsa dzina la munthu, osati la kampani. Satifiketi ija nditaiyang'anitsitsa, dzina ndi lofananako koma si lomwelo, ndipo m'dzinamo muli mawu oti General Dealers.

Ndiye ndinalemba m'gulu muja mwaulemu kuti ndikupempha mayina atatu a makampani omwe alembapo anthu athu. Sipanathe mphindi zisanu uthenga wanga unafufutidwa. Kenako anatseka kuti azilemba ma admin okha. Wina anandiimbira, mawu okoma, akuti mabwana awo safuna kutchulidwa chifukwa cha chinsinsi, ndipo anthu a maganizo osauka ngati anga ndi amene amakalamba ali malova. Anamaliza ndi kunena kuti malo atsala atatu, mtengo ukwera Lachisanu.

Dzungu_Lakupsa
Malo atsala atatu pa intaneti? Mipando yatha? Kkkkk

Nachisale_265
Chikomekome cha mkuyu.

Mlova_wa_Chilomoni
Ine sindilipira, amayi ndawauza kale kuti asatenge ngongole ija. Koma vuto lakula kwina. Alamu anga analipira ya K120,000, ndipo alowetsa anthu anayi a kwaya ya kumpingo kwawo. Chiphaso anatumiza kale. Achimwene sakudziwa kuti ndalamayo inachoka pa ya feteleza. Ine ndimadya pakhomo pawo, ndimagona pakhomo pawo. Ndiyambira pati?

Gogo_wa_Facebook
Apa khoswe wakhala pa mkhate. Usathamangire kwa mkulu wako, udzapasula banja la eni ake iwe n'kusowa pogona. Khala pansi ndi mlamu wakoyo awiriwiri, umuonetse chithunzi cha mayi wa mano uja, usamunene kuti ndi wopusa. Za feteleza akanene yekha kwa mwamuna wake. Koma aleke lero lomwe kukoka anthu ena, chifukwa chikadzagwa a kwaya sadzafuna mwini webusaiti, adzabwera pakhomo panupo.

HR_wopuma
Ndikugwirizana ndi agogo, ndingowonjezera za mapepala. Musanatuluke m'gulumo, jambulani zonse: malonjezo awo, mitengo, nambala yolipirira, mauthenga otsimikiza kuti ndalama inapita. Alamu ako alembe uthenga wopempha kuti awabwezere ndalama, alembe ndithu osati kuimba, kuti yankho likhale umboni. Akakana kapena akangokhala chete, mupite ku polisi ndi zonsezo, mukadziwitsenso kampani ya foni yomwe ndalama inadutsira. A Competition and Fair Trading Commission amalandiranso madandaulo a anthu onamizidwa pa malonda. Lipoti la ku polisi ndi lofunika ngakhale ndalama isabwerere, chifukwa cha chiphaso chija. Tsiku lina dzina lawo likadzatulukira pa ngongole yomwe sakuidziwa, pepala limenelo ndi lomwe lidzawayankhire. Sindikulonjeza kuti K120,000 ibwera. Nthawi zambiri ndalama zotere zimatapidwa kwa ejenti wa ndalama za pa foni tsiku lomwelo.

Mai_a_Tadala
Mlova, CV yakoyo nditumizire kumbali ndikuonereko ulere. Sindine katswiri koma zomwe anandiphunzitsa mayi uja ndikuzikumbukira. Ngati muli dzina la mfumu uyambe wachotsa.

Kabaza_wa_Digiri
Nanenso mayi, yanga ili masamba asanu ndi limodzi.

Mphunzitsi_wa_Masamu
A Mtsogoleri mwangoti zii. Funso langa lija likadalipo, mwa asanu ndi mmodzi aja ndi angati ali pa ntchito?

Mtsogoleri_wa_Mawa
Ndinali kotchaja foni, magetsi kulibe kuno. Mwina si kampani imodzi yomwe tikunena, yathu wamkulu wake ndinamuonapo pa Zoom ngakhale kamera inali yozimitsa. Awiri mwa anthu anga ndi ana a azakhali.

A Kompyuta, pa webusaiti yoonera tsiku ija, ndilembe ndi www yomwe kapena dzina lokha?